Kodi Intaneti ya Setilaiti Ingathandize Banja Lokhala Kutali ndi Tauni?

Funso: Wowerenga wina walemba kuti amakhala kudera lakumudzi kumene waya wa faiba sunafike, ndipo netiweki ya foni imagwira bwino pokhapokha akatuluka panja n'kukaima pamalo okwera. Amagwirira ntchito zina pakhomo, zomwe zimafuna misonkhano ya pavidiyo, ndipo ana ake amaphunzira zina pa intaneti. Ena amuyamikirira intaneti ya setilaiti, pamene ena amuuza kuti imachedwa ndiponso imaduka mvula ikamagwa. Akufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kuika ndalama zake pa dishi.

Yankho: Amene akuyamikira ndi amene akudandaula onse akunena zoona, chifukwa akukamba za njira ziwiri zosiyana kwambiri zimene zimagulitsidwa ndi dzina limodzi. Chimene chimasiyanitsa njirazi ndi mtunda umene masetilaiti ali kuchokera pansi, ndipo zambiri zimene mungakondwere nazo kapena kudandaula nazo zimachokera pamenepo. Choncho musanafunse za liwiro kapena za malipiro a pamwezi, mufunse wogulitsayo kuti masetilaiti amene dishi yake imalankhula nawo ali patali bwanji.

Njira yakale imadalira masetilaiti akuluakulu amene ali pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta. Pamtunda umenewu setilaiti imazungulira dziko pa nthawi yofanana ndi imene dzikolo limatenga kuti litembenuke kamodzi, motero kwa munthu amene ali pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi ya TV imalozetsedwa kamodzi kokha, n'kumangidwa zolimba, osaisunthanso. Makampani monga Hughes ndi Viasat akhala akugulitsa intaneti ya mtundu uwu kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 onse awiri anatumiza mumlengalenga masetilaiti atsopano, Jupiter 3 ndi ViaSat-3. Ubwino wake ndi wakuti setilaiti imodzi imafikira dera lalikulu kwambiri, koma mtundawo uli ndi mtengo wake umene palibe luso lingauchotse. Mafunde a wailesi amayenda pa liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Mukatsegula tsamba pa intaneti, pempho lanu limakwera kupita ku setilaiti, n'kutsikira ku siteshoni ya kampaniyo, kenako yankho limakweranso n'kutsikira kwa inu. Maulendo anayi amenewa amaposa makilomita 143,000, zomwe zimatenga pafupifupi theka la sekondi, ndipo mukawonjezera nthawi imene makina a m'njira amadya, anthu ambiri amapeza kuti uthenga umapita n'kubwera pa mamilisekondi pafupifupi 600 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000).

Theka la sekondi limamveka ngati laling'ono mpaka mutalowa mumsonkhano wa pavidiyo. Mumamaliza kulankhula, mnzanu amakhala chete chifukwa mawu anu otsiriza sanamufike, inu mumaganiza kuti sanamve n'kuyamba kubwereza, ndipo pa nthawi yomweyo yankho lake limafika. Nonse mumasiya, nonse mumapepesa, kenako nonse mumayambanso limodzi. Bungwe la ITU, lomwe limaika miyezo ya zamtokoma padziko lonse, limalangiza kuti mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 popita mbali imodzi ngati anthu akufuna kucheza momasuka, ndipo setilaiti yakutaliyi imapitirira malire amenewa nthawi zonse, kaya kunja kuli bwino kaya ayi. Kuonera vidiyo sikuvuta kwenikweni, popeza foni kapena TV imakokeratu gawo lina n'kulisunga musanalifike. Kutumiza imelo nakonso kumatheka. Chimene chimavuta ndi ntchito iliyonse imene imafuna kufunsana ndi kuyankhana kambirimbiri, ndipo ngati kuntchito kwanu amakulumikizani kudzera pa VPN, njira imene imabisa uthenga wanu kuti ena asauwerenge, vutolo limakula, chifukwa njira zimene makampani a setilaiti amagwiritsa ntchito pofuna kubisa kuchedwako sizigwira bwino pa uthenga umene wabisidwa kale.

Njira yatsopano inatsitsa masetilaiti pafupi ndi dziko. Yodziwika kwambiri ndi Starlink ya kampani ya SpaceX, imene inatumiza masetilaiti ake 60 oyamba mu Meyi 2019 ndipo inayamba kulola anthu wamba kuyesera mu Okutobala 2020. Ambiri mwa masetilaiti ake oyambirira anaikidwa pamtunda wa makilomita pafupifupi 550. Pamenepo maulendo anayi aja amangokwana makilomita 2,200 ngati setilaiti ili pamutu penipeni, ndipo m'madera amene ali pafupi ndi masiteshoni a kampaniyo uthenga umapita n'kubwera pa mamilisekondi a pakati pa 25 ndi 60, zomwe sizisiyana kwambiri ndi netiweki yabwino ya 4G. Komabe setilaiti yotsika chonchi siingaime malo amodzi. Imathamanga pa liwiro la makilomita pafupifupi 27,000 pa ola n'kuzungulira dziko m'mphindi pafupifupi 95, choncho pamafunika masauzande a masetilaiti kuti ina ikamalowa kuseri, ina ikhale itafika kale. Dishi yake ndi yafulati, ndipo mkati mwake muli tizipangizo tambirimbiri timene timalozetsa mafunde kumene setilaiti ili popanda dishiyo kumatembenuka nthawi zonse. Pali makampani enanso. OneWeb ili ndi masetilaiti oposa 600 pamtunda wa makilomita 1,200 ndipo inaphatikizana ndi Eutelsat mu 2023, koma imagulitsa makamaka kwa maboma, makampani a mafoni ndi mabizinesi. Amazon inapatsidwa chilolezo ku United States mu 2020 choika masetilaiti 3,236 ndipo inayamba kutumiza oti agwire ntchito mu Epulo 2025.

Pa ntchito imene mwafotokoza, maganizo anga ndi akuti njira yakale ija muiganizire pokhapokha ngati palibiretu china. Koma muzindikirenso kuti kuchedwa kwa njira yatsopanoyi sikufanana kulikonse. Uthenga wanu uyenera kutsikira pansi penapake kuti ulowe mu intaneti ya dziko lonse, ndipo ngati malo otsikirawo ali kudziko lakutali, masetilaiti amapatsirana uthengawo ndi kuwala kwa leza mpaka ukafike kumeneko. Zikatero kuchedwa kumatha kupitirira mamilisekondi 100. Zimenezi zimapiririka, koma ndi bwino kufunsa munthu wa m'dera lanu amene ali kale ndi dishi kuti akuonetseni zimene amapeza akayeza.

Chinthu chimene chimakhumudwitsa ogula ambiri si mvula, koma mitengo yomera pafupi ndi nyumba. Dishi ya setilaiti yakutali imafuna kampata kamodzi kokha kumwamba, kolunjika kumene setilaitiyo yaima. Dishi ya masetilaiti apafupi imafuna kuti mbali yaikulu ya thambo ikhale poyera, pafupifupi madigiri 100, chifukwa chimene ikutsatira chikuyenda. Ngati nthambi imodzi yatchinga kagawo kakang'ono ka thambolo, setilaiti iliyonse imene idutse kuseri kwa nthambiyo imadula kulumikizana kwa masekondi angapo. Woonera vidiyo sazindikira n'komwe kuti chachitika, koma inu muli mumsonkhano mudzaona nkhope ya mnzanu itauma pa sikirini, mawu atasowa, kenako zonse n'kubwerera, ndipo zimenezi zidzabwerezabwereza tsiku lonse. Munthu wotere akayeza liwiro amapeza nambala yosangalatsa, n'kumadabwa kuti n'chifukwa chiyani misonkhano yake ikuduka.

Mwayi ulipo wakuti zimenezi mungaziyeze musanagule kalikonse. Pulogalamu ya pafoni ya Starlink ili ndi gawo limene limagwiritsa ntchito kamera: mumaima pamalo amene mukufuna kuika dishi, mumalozetsa foni kumwamba n'kumazungulira nayo, ndipo imakuuzani kuchuluka kwa thambo limene latchingika. Muyeze muli pamsinkhu umene dishiyo idzakhale, chifukwa zimene mumaona mutaima pabwalo ndi zosiyana ndi zimene dishi idzaone ili padenga. Mukumbukirenso kuti mtengo umene wayoyola masamba nthawi ino udzaphukanso, ndipo umene lero uli wofupika udzakula. Kawirikawiri amene ali kummwera kwa ikweta dishi yawo imapendekera chakummwera, ndipo amene ali kumpoto imapendekera chakumpoto, choncho mtengo umene uli mbali imeneyo ndi umene uyenera kukudetsani nkhawa kwambiri. Nthawi zambiri kukweza dishi pamlongoti wolimba kumathetsa vutoli popanda kudula mtengo, koma mlongotiwo usamagwedezeke ndi mphepo.

Za mvula, amene anakuuzani sananame. Masetilaiti a intaneti amagwiritsa ntchito mafunde a m'magulu otchedwa Ku, a pakati pa 12 ndi 18 GHz, ndi Ka, a pakati pa 26.5 ndi 40 GHz (GHz ndi muyezo wa mafunde a wailesi). Madontho a madzi amameza ndiponso kumwaza mafunde amenewa, ndipo gulu la Ka limavutika kwambiri kuposa la Ku. Dishi ya Starlink ya pakhomo imagwiritsa ntchito Ku, pamene masetilaiti atsopano a Hughes ndi Viasat amadalira Ka. Mvula yowaza kapena mitambo wamba imangochepetsa liwiro pang'ono. Mvula yamkuntho yokhala ndi mitambo yakuda bii imatha kudula kulumikizana kotheratu, koma kawirikawiri zimatenga mphindi zochepa, mtambowo ukadutsa zinthu zimabwerera zokha. Nthawi zina intaneti imafooka kwanu kuli dzuwa, chifukwa mvula ikugwa kumene kuli siteshoni ya kampaniyo.

Nkhani imene otsatsa malonda saikamba kwambiri, ngakhale kuti kumudzi ndi yaikulu, ndi ya magetsi. Dishi ya Starlink ya pakhomo pamodzi ndi rauta yake imadya mawati a pakati pa 50 ndi 100 malinga ndi mtundu wake, ndipo yaing'ono yotchedwa Mini, imene inatuluka mu 2024, imadya a pakati pa 25 ndi 40. Tiyerekeze kuti yanu ikudya mawati 75. Ikayaka usana ndi usiku ndiye kuti yadya mawati 75 kwa maola 24, amene ndi mayunitsi 1.8 patsiku, zomwe zimaposa zimene mafiriji ambiri amakono a pakhomo amadya. Ngati muli ndi magetsi odalirika, imeneyi ndi ndalama yongowonjezera pa bilu. Ngati mumadalira sola, muyenera kuwerengera bwino, chifukwa batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga pafupifupi mayunitsi 1.2, ndipo ikakhala ya mtundu wakale wa asidi simuyenera kuigwiritsa ntchito kupitirira theka ngati mukufuna kuti ikhalitse. Batire yotere siingayendetse dishiyo usiku wonse, ndipo inveta nayo imadyako gawo lake. Rauta ya 4G, poyerekeza, imadya mawati osapitirira 15 nthawi zambiri. Mungathe kuchepetsa vutoli pozimitsa dishi nthawi yogona, koma dziwani kuti ikayatsidwanso imatenga mphindi zingapo kuti ipeze masetilaiti, ndipo magetsi akamathimathima masana mudzafunika batire yoti izilandirira nthawi yomweyo kuti msonkhano wanu usaduke.

Pa nkhani ya liwiro, nambala imene imalembedwa pa malonda ndi ya nthawi imene zinthu zili bwino. Setilaiti imagawa mphamvu zake kwa onse amene ali m'kadera kamodzi pansi, monga mmene mpopi umodzi umachepera mphamvu anthu ambiri akatsegula nthawi imodzi. Apa kukhala kumudzi kumakukomerani, chifukwa m'dera limene madishi ndi ochepa aliyense amapeza gawo lalikulu, pamene m'mizinda ina Starlink yakhala ikuimitsa kulembetsa anthu atsopano chifukwa chodzaza. Ngakhale zili choncho, muyembekezere kuti madzulo, anthu ambiri akamaonera mavidiyo, liwiro lizitsika. Muonenso liwiro lotumizira, osati lolandirira lokha, popeza pa setilaiti lotumizira limakhala lochepa kwambiri, ndipo ndi limene limanyamula nkhope ndi mawu anu mumsonkhano. Chosangalatsa n'chakuti zofuna za banja lanu si zazikulu monga anthu amaganizira. Msonkhano wa pavidiyo wooneka bwino umafuna pafupifupi 4 Mbps (muyezo wa liwiro la intaneti) mbali iliyonse, ndipo vidiyo ya HD imafuna pafupifupi 5 Mbps. Banja la anthu angapo limakwanira ndi 25 kapena 30 Mbps yosadukaduka, ndipo kulipira zambiri pofuna 200 Mbps sikudzachititsa kuti misonkhano yanu imveke bwino ngati vuto lili pa nthambi ija.

Muwerenge mosamala zimene mgwirizano ukunena pa kuchuluka kwa deta. Mawu akuti zopanda malire ali ndi matanthauzo osiyana pakati pa makampani. Ena amakupatsani magigabaiti akutiakuti pa liwiro lonse, mukawamaliza amakuchepetserani liwiro mpaka mwezi utathe. Ena sakuchepetserani mwachindunji, koma amaika uthenga wanu kumbuyo kwa wa amene alipira zambiri nthawi imene netiweki yadzaza. Kuti mudziwe chimene chikukuyenerani, kumbukirani kuti vidiyo ya HD imatha kudya magigabaiti atatu pa ola, choncho banja loonera maola atatu patsiku likhoza kudya magigabaiti 270 pamwezi lisanayambe n'komwe ntchito ndi maphunziro.

Ndisanakulimbikitseni kugula dishi, pali mawu amodzi m'kalata yanu amene ndikufuna tibwerereko. Mwanena kuti foni imagwira mukaima pamalo okwera. Zimenezi zikusonyeza kuti mafunde a nsanja ya mafoni amafika pamalo panu, kungoti makoma, denga ndi kutsika kwa malo zikuwatchinga. Kaeriyo ka m'kati mwa foni n'kakang'ono kwambiri. Rauta ya 4G yokhala ndi eriyo yakunja, yokwezedwa pamlongoti n'kulozetsedwa kumene kuli nsanja, imatha kusandutsa netiweki yofooka kukhala intaneti yokwanira banja, makamaka ngati kampaniyo ikugwiritsa ntchito mafunde otsika monga a 700, 800 kapena 900 MHz, amene amafika patali. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani masimu khadi a makampani onse amene amafika kwanuko, kwerani pamalo okwera kwambiri amene mungafike bwinobwino, ndipo muyeze liwiro m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku angapo. Ngati madzulo mukupeza 15 kapena 20 Mbps ndi foni yokha, eriyo yabwino idzawonjezera pamenepo, ndipo zipangizo zake zimakhala zotsika mtengo ndiponso zosadya magetsi poyerekeza ndi dishi. Mufufuzenso ngati pali kampani yaing'ono imene imatumiza intaneti ndi wailesi kuchokera pansanja kapena paphiri kupita kunyumba za anthu, ngakhale kuti njira imeneyi imafuna kuti pakati pa denga lanu ndi nsanjayo pasakhale chotchinga. Ngati zonsezi zalephera, kapena nsanja ya kwanuko imadzaza madzulo mpaka tsamba kukanika kutseguka, kapenanso imazima magetsi akathima, pamenepo setilaiti yapafupi ndiyo njira yabwino, ndipo pa ntchito yanu ndi maphunziro a ana ikwanira.

Mukasankha kugula, muwerengere ndalama za zaka ziwiri kapena zitatu pamodzi: dishi, mlongoti ndi womangirira, msonkho wolowetsera katundu ngati ulipo, mabatire owonjezera, ndi malipiro a mwezi uliwonse. Makampani amasintha mitengo ndi malamulo awo nthawi ndi nthawi, ndipo dishi ya kampani ina siigwira ntchito ndi masetilaiti a kampani ina, choncho mukafuna kusamuka mudzayambiranso kugula. Mutsimikizenso kuti kampaniyo ili ndi chilolezo m'dziko lanu, chifukwa dziko lililonse limapereka lokha chilolezo chogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Pali anthu amene amagula dishi yolembetsedwa kudziko lina n'kumaigwiritsa ntchito ngati apaulendo, koma mgwirizano wa apaulendo uli ndi malire a nthawi, ndipo kampani ikhoza kuidula tsiku lililonse, boma nalonso likhoza kuilanda. Mukamagula dishi yogwiritsidwapo kale ntchito, mwini wake woyamba ayenera kuichotsa pa akaunti yake, apo ayi simudzatha kuilembetsa m'dzina lanu.

M'nyumba momwemo mulinso zofunika kuzisamala. Madandaulo ambiri amene anthu amaikira setilaiti amakhala a Wi-Fi, chifukwa rauta yaikidwa pakona ya chipinda chakumapeto ndipo mafunde ake akulephera kuboola makoma a njerwa. Muiike pakati pa nyumba, pamalo okwera, ndipo kompyuta imene mumachitira misonkhano muilumikize ndi waya ngati n'kotheka. Waya wa Ethernet umagwira bwino mpaka mamita 100, zomwe zimathandiza ngati mukufuna kufikitsa intaneti kunyumba ina ya pabwalo lomwelo, koma ngati mukuganiza zogawana ndi oyandikana nawo kuti muzithandizana kulipira, muone kaye ngati mgwirizano wanu ukulola zimenezo. Waya wochokera ku dishi usapindidwe kwambiri kapena kupanikizidwa ndi chitseko, ndipo polowera ku dishiyo pasalowe madzi, chifukwa pamenepa ndi pamene zipangizozi zimakonda kuwonongekera. Mlongoti wachitsulo wautali umafunika kulumikizidwa pansi ndi munthu wodziwa zamagetsi pofuna kuteteza zipangizo ku mphenzi. Ngati muli ndi makamera achitetezo amene mumafuna kuwaona muli kutali, dziwani kuti pa mgwirizano wamba wa pakhomo makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya intaneti, choncho makamera amene amadalira kulumikizidwa mwachindunji kuchokera kunja akhoza kukana, pamene amene amadutsira pa seva ya kampani yowapanga amagwira bwino.

Dishi ikawonongeka, thandizo la makampani ena limapezeka kudzera pa pulogalamu ya pafoni yokha, ndipo chipangizo chatsopano chimatha kutenga masiku kapena masabata kuti chifike kudera lakutali. Popeza ntchito yanu imadalira intaneti, musataye simu khadi imene inachita bwino poyeza paja. Muzisungamo deta yokwanira msonkhano umodzi kapena iwiri, ndipo muphunzire kugawira kompyuta yanu intaneti kuchokera pa foni mvula yamkuntho isanakupezeni muli pakati pa msonkhano.